Za bondo la mnyamata wathuyo

Eee achemwali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, kungoti ndinali m'minibasi. Mukufunsa kuti zatheka bwanji mwana kugwa yekha pa mpira, wosamugunda aliyense, bondo n'kutupa chonchija gemu itatsala pang'ono kutha. Ndamvanso apongozi anu akuti pali dzanja la munthu. Ayi ndithu, kumeneko n'kutopa.

Tayesani pomwe mulipo: tsinzinani, mupinde mwendo. Mukudziwa pamene bondo lafika, eti, chonsecho simukuliona? M'minofu ndi m'minyewa ya pabondo muli timitsempha timene timauza ubongo kuti mwendo wapindika bwanji. Minofu ikatopa, uthengawo umasokonekera. Akatswiri akafuna kuyeza, amam'manga m'maso wosewera, n'kumupinda bondo mwina madigiri 45, kenako amati bwereza wekha. Asanathamange amafika pafupi penipeni. Akatopa amaphonya, koma mwini wake n'kumati ndafika pomwe paja. Choopsa n'chimenecho, sadziwa kuti waphonya.

Ndiye taganizani, mwana wathamanga mphindi 80. Osewera akuluakulu aja amakwanitsa makilomita 10 gemu imodzi. Wadumphira mpira wam'mwamba, watera ndi mwendo umodzi, jombo yagwira pansi, thupi latembenuka, bondo lagwera mkati. Minofu ya kuseri kwa ntchafu, imene imayenera kuligwira, yachedwa pang'ono chabe. Basi, zathera pomwepo. N'chifukwa chake ambiri amavulala chakumapeto kwa chigawo cha gemu, ndipo mnyewa wam'kati mwa bondo umene amati ACL kawirikawiri umaduka popanda wokugunda.

Mum'funse ngati anamva kuti thwa m'bondomo, komanso ngati likumuthawa akaponda. Kutupa kwa tsiku lomwelo ine sikundisangalatsa, mawa apite kuchipatala akamuone. Chonde asamuteme mphini, asamuthowenso ndi madzi otentha. Muike ayisi m'kansalu, mphindi 20 n'kuchotsa, mwendo ukhale pamwamba pa pilo. Ngati ACL yaduka, tikunena miyezi ngati 9 asanabwerere m'bwalo, ndiye asapupulume.

Akachira ndidzawatumizira akochi awo pulogalamu ya FIFA 11+. Ndi mphindi 20 zokha asanayambe kusewera, muli kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha n'kutera bwino, zoterozo. Komanso mumuuze kuti miyendo ikalemera azikweza dzanja atuluke, anyamatawa amachita manyazi ndi anzawo.

Alamu muwapatse moni. Ndiimba madzulo ndilankhule naye mwini wakeyo.