Mabanja awiri asinthana, koma owerenga sakuseka

Wina wanditumizira imelo kuti akulemba filimu ya nthabwala zoluma, ya mabanja awiri ogwirizana kusinthana amuna ndi akazi usiku umodzi, koma amene awerenga zolembazo sakuseka. Akufunsa kuti chalakwika n'chiyani.

Ndikuuzeni mosapsatira: ambiri amaika nthabwala kuchipinda, pomwe zoseketsa zenizeni zili patebulo pamene anayiwo akupangana malamulo. Osapsompsonana, aliyense abwerere kwake 6 koloko isanakwane, osaimbirana foni mawa. Owonera amaseka chifukwa akudziwa kale kuti lamulo lililonse lithyoledwa, ndipo akungodikira woyamba. Lembani malamulo atatu okha, asanu amaiwalika.

Chimene chimapha mafilimu otere n'kupatsa onse anayi chifukwa chimodzi. Onse akafuna mofanana, nkhani yafa. Wina akhale woti anayamba kale kukonda mkazi wa mnzake ndipo akungofuna chilolezo, wina wavomera poopa kusiyidwa, wina akubwezera chipongwe chakale, wachinayi amene anabweretsa ganizoli ndiye adzapse mtima koposa onse. Ndimakhumudwa kwambiri ndi olemba amene amasandutsa akazi awiriwo katundu wongopatsirana. Kumeneko ndi ulesi, ndipo owonera amatulukira msanga.

Onani filimu ya "Bob & Carol & Ted & Alice" ya Paul Mazursky ya 1969. Anayiwo amafika mpaka pabedi limodzi mu hotela ku Las Vegas, koma amalephera kuchita zimene anapangana. Mu "The Ice Storm" ya Ang Lee ya 1997, amuna amaponya makiyi a galimoto m'mbale, akazi n'kumatola, aliyense n'kupita ndi mwini makiyi amene watolawo. Kamera imakhazikika pa mbaleyo ndi pankhope za odikira, manyazi onse ali pamenepo.

Kayalidwe kake

Tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, choncho filimu yanu ikhale ya masamba 90 kapena 100. Ganizo losinthana lituluke pofika tsamba 15, usiku weniweniwo ukhale cha pakati, ndipo theka lotsalalo mulipereke kwa m'mawa wake ndi masiku otsatira. Pachakudya cham'mawa wina aziimba nyimbo chapansipansi uku akutsuka kapu, mwamuna wake akumuyang'ana osayankhula. Osewera anu asachite ngati akuseketsa, aliyense azimva kuwawa kwenikweni. Dulaninso mawu onse amene munthu akufotokoza yekha kuti wachita nsanje.