Kusintha mpope wa .30-06 kukhala 9.3x62, kapena kugula mfuti ina?

Achimwene, mwanena kuti mumakhala ku Polokwane, muli ndi mfuti ya .30-06 yomwe munagula ili yatsopano, ndipo mukufuna 9.3x62 yosakira ntchefu, nyumbu ndi nguluwe m'tchire lowirira la ku Limpopo. Funso lanu ndi lakuti chanzeru n'chiti, kupita nayo kwa mmisiri wa mfuti kuti aike mpope wina kapena kugula mfuti yachiwiri. Ine ndikuona kuti ndi bwino mugule ina, pokhapokha ngati mpope muli nawowo unatha kapena mulibenso malo a laisensi ina.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti pa masinthidwe onse amene munthu angaganize, mwasankha osavuta. Otto Bock wa ku Berlin anapanga chipolopolo cha 9.3x62 cha m'ma 1905 kuti chizilowa m'mfuti wamba ya Mauser 98, ndipo thako la chigoba chake ndi la mamilimita pafupifupi 12, chimodzimodzi ndi la .30-06, kutalika kwa zipolopolo ziwirizi n'kosasiyananso kwenikweni. Choncho bolt yanu, chitsulo chokankhira ndi kutsekera chipolopolo mumpope, sifunika kusemedwa ndipo magazini imakwana, ngakhale nthawi zina mmisiri amasalaza pang'ono njira yomwe chipolopolo chimakwerera chifukwa mutu wake ndi wonenepa. Mukanati mukufuna .375 H&H, nkhani ikanakhala ina, pakuti thako lake ndi la mamilimita 13.5 ndipo ndi yotalika mamilimita oposa 90, zomwe zimafuna kusema bolt, magazini ndi zitsulo zina zomwe wopanga mfutiyo sanazisiye kuti zidzasemedwe.

Koma kutheka kwa ntchito sikutanthauza kuti n'kotsika mtengo. Anthu ambiri amafunsa mtengo wa mpope wokha, wa Lothar Walther, Musgrave kapena Truvelo, n'kumayesa kuti ndalama zathera pamenepo. Mpopewo umabwera usanamalizidwe: mmisiri ayenera kudula mazinga, kuboola chipinda cha chipolopolo, kuyeza headspace (mpata womwe chipolopolo chimakhalamo bolt ikatsekedwa) ndi zoyezera zake, kukonza kukamwa kwake ndi kuudetsa kuti usachite dzimbiri. Kenaka pamabwera nkhani ya mtengo wogwirira mfuti, thabwa lija lotsamiza paphewa, yomwe ambiri amaiiwala. Bowo la mamilimita 9.3 ndi lalikulu kuposa la 7.62, ndiye mukasunga mpope woonda ngati wakale mfuti imapepuka, pamene chipolopolo cha 9.3x62 cholemera magreni 286 chimamenya phewa kwambiri kuposa cha .30-06 cha magreni 180. Mukasankha mpope wonenepa, ngalande ya m'mtengomo iyenera kukulitsidwa, ndipo njira zonse ziwirizi zimafuna kuti chitsulo chikhazikitsidwe bwino mumtengo, apo ayi mtengowo umadzang'aluka kumbuyo kwa bolt. Mukaphatikiza zonsezi, nthawi zambiri mumapezeka kuti mwayandikira mtengo wa mfuti ina, monga Tikka T3x kapena CZ 550 yogwiritsidwapo kale ntchito, zomwe zinatuluka kufakitale zili kale za 9.3x62. Kusiyana kwake n'kwakuti mukagula mumakhala ndi mfuti ziwiri, pamene mukasintha mumatsala ndi imodzi, yopandanso chitsimikizo cha fakitale, ndipo tsiku lodzaigulitsa wogula sadzakubwezerani ndalama za mmisiri.

Lamulo nalo silipereka njira yachidule. Ku South Africa, Firearms Control Act ya chaka cha 2000 imawerengera mpope pawokha ngati mfuti, ndipo munthu wopanda laisensi ya umisiri wa mfuti saloledwa kusintha kukula kwa chipolopolo kapena kutalika kwa mpope. Laisensi yanu inalembedwa .30-06, choncho kusinthaku kuyenera kudzera ku Central Firearms Register, kaundula wa mfuti wa apolisi, ndipo mpope wakalewo simungangouponya m'kabati ngati chitsulo wamba. Kaya musintha kaya mugula, mapepala mudzaza ndithu, ndipo kudikira kulipo. Koma wogula amadikira uku akusaka ndi mfuti yake yakale, pamene wosintha mpope nyengo yosaka ikhoza kumudutsa mfuti ili kwa mmisiri. Pomwe lamulo lingakukankhireni kosintha ndi ngati muli ndi laisensi za gawo 15 la lamuloli, za mlenje wa apo ndi apo, ndipo mwafika kale pa mfuti zinayi zomwe zimaloledwa. Ngakhale pamenepo, ganizirani kaye zolowa bungwe lovomerezeka la alenje kuti muyenerere gawo 16, la mlenje wodzipereka, lomwe lilibe malire a mfuti zinayiwo.

Chinanso, sindikuona chifukwa chophera .30-06 yabwinobwino. Ndi mutu wolimba wa magreni 180 kapena 200 imagwetsa ngoma ndi nyumbu popanda vuto, ngakhale ntchefu ikalasidwa pamalo oyenera, ndipo mukaitanidwa kukasaka kumadera a chidikha monga Karoo, komwe nyama imaima patali, imawongoka kuposa 9.3x62. Zipolopolo zake mumazipeza pafupifupi m'sitolo iliyonse ya mfuti, pamene za 9.3x62 n'zokwera mtengo ndipo m'matauni ang'onoang'ono zimasowa. Sindikunyoza 9.3x62, ndimaikonda ndithu pa nyama zikuluzikulu zapafupi, koma imakoma ikakhala yachiwiri m'sefa, osati yokhayo.

Musanaganize zambiri, pemphani mmisiri ayang'ane m'kati mwa mpope ndi kachipangizo kounikira kaja, makamaka kutsogolo kwa chipinda cha chipolopolo komwe moto wa wonga umadya mizere. Mpope wa .30-06 umapirira zipolopolo masauzande angapo, ndipo mlenje woombera mabokosi awiri kapena atatu pa chaka sautha msanga. Wofulumira kuwononga ndi dzimbiri la mfuti yosungidwa yosapukuta. Akakupezerani mizere yodyeka kapena timaenje ta dzimbiri, ndiye kuti mpope watsopano mukuufuna kale, ndipo kuika wa 9.3x62 kungakhale kwanzeru, makamaka ngati mfutiyo ndi ya mtundu wa Mauser 98 kapena inakuzolowerani paphewa. Zikatero muuze mmisiriyo alembe mtengo wa ntchito yonse, kuphatikizapo ya pamtengo ndi ya mapepala, musanamusiyire mfuti.