Kwa achemwali ofunsa za ku Nuwara Eliya

Achemwali, mwati mukamaliza msonkhano wanu ku Colombo, m'dziko la Sri Lanka, mutsala ndi masiku awiri, ndiye mukufunsa ngati ku Nuwara Eliya kuli choona chenicheni kapena ndi kukongola kwa pazithunzi chabe. Pitani ndithu. Ine ndinagonako masiku atatu, ndipo mpaka lero ndikathira tiyi m'kapu maganizo amathamangira kumeneko.

Musaiwale juzi yokhuthala. Kutentha kwa ku Colombo kusakunamizeni, tauniyi ili pamwamba mamita 1,868 ndipo usiku kumazizira mpaka mano kugundana. Mu January ndi February chisanu chimatha kugwa pa udzu. Ngati sitima ikuyenda, kwerani yochokera mumzinda wa Kandy mukatsikire pa siteshoni ya Nanu Oya, kenako mupeze tuk-tuk ikufikitseni m'tauni, ndi pafupi. Koma yambani mwafunsa, chifukwa mvula ikachuluka nthaka imagumuka n'kutseka njanji. Mukhalenso ndi ma rupee, ndalama za kumeneko, m'thumba, ogulitsa ang'onoang'ono safuna za khadi.

Za atsamunda muziona tsiku limodzi osatopa, zambiri n'zoyandikana. Angelezi anakonda malowa chifukwa nyengo yake inkawakumbutsa kwawo, mpaka anthu anawatcha Little England. Positi ofesi ya njerwa zofiira, ya mu 1894, ikugwirabe ntchito. Gulanipo kakhadi mutumizire ana kunyumba. Grand Hotel inayamba ngati nyumba ya bwanamkubwa Edward Barnes mu 1828, ndipo mutha kungolowa kukamwa tiyi wa masana osagonako. Ku Hill Club, ya mu 1876, amuna amavalabe jekete ndi tayi pa chakudya chamadzulo. Kuli bwalo la gofu la mu 1889, paki ya Victoria, ndi nyanja ya Gregory yomwe anaipanga mu 1873. Panyanjapo sindinakhalitsepo, phokoso la maboti linandichulukira.

Koma chimene ndikufuna mupatule nthawi yokwanira ndi minda ya tiyi, ndipo musapiteko ngati wongojambula. Kale mapiri a kuderali ankadalira khofi. Matenda a masamba atayamba mu 1869, khofi anatha pang'onopang'ono, eni minda n'kutembenukira ku tiyi, amene James Taylor wa ku Scotland anali atayamba kubzala ku Loolecondera, kufupi ndi Kandy, mu 1867. Ntchito yothyola inafuna manja ambiri, ndiye atsamunda ankabweretsa anthu a mtundu wa Tamil kuchokera kummwera kwa India. Zidzukulu zawo ndi zimene mukaone m'mindamo. Dzikoli litalandira ufulu mu 1948, lamulo latsopano linawasiya ambiri a iwo opanda unzika, ndipo otsalira anadzaupeza mu 2003. Mabanja ambiri akukhalabe m'nyumba zazitali zogawidwa zipinda, zija amati line rooms, banja lonse m'chipinda chimodzi kapena ziwiri.

Ine ndinalawira m'mawa kuyenda m'kanjira ka m'munda wina, nkhungu isanachoke. Ndinapeza amayi atamanga thumba kumsana, lamba wake atadutsa pamutu, m'chiuno atakulunga pulasitiki yokhuthala kuti mame ndi nthambi zisawanyowetse. Manja onse awiri ankathyola nthawi imodzi, masamba awiri ndi kamphukira, n'kuponya kumbuyo osacheuka. Anandilola kuyesa. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni, zong'ambika m'mphepete mwa zikhadabo. Nditaona mzere wa amayi akudikira sikelo, aliyense maso ali pa muvi, ndinamvetsa kuti kapu ya tiyi imene ndinamwa ku hotelo yapita m'manja mwa anthu angati. Chonde pemphani musanajambule munthu. Ena amayembekezera kangachepe mukawajambula, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo.

Mukachoka m'munda lowani m'fakitale. Ya Pedro, imene inayamba mu 1885, ili pafupi ndi tauni, ndipo ya Labookellie ili mumsewu wa ku Kandy. Amakuonetsani masamba akufota pa matebulo ataliatali, kenako akupotedwa ndi makina, kusiyidwa kuti asinthe mtundu, kuumitsidwa ndi moto, pomaliza kusefedwa malinga ndi kukula kwake. Fungo la m'menemo lili ngati udzu wongodula kumene wosakanikira ndi utsi pang'ono. Funsani nthawi imene makina amayenda, chifukwa ena amagwira ntchito usiku ndipo masana mungangoona zitsulo zili duu. Tiyi wa ku Nuwara Eliya ndi wopepuka, wooneka moyera m'kapu. Mulaweni kaye wopanda mkaka ndi shuga, mumve kukoma kwake kwenikweni.

Tsiku lachiwiri lipatseni Horton Plains, malo osungirako zachilengedwe a pamwamba pa mapiri, ndipo apa mundimvere. Nyamukani kusanache, cha m'ma 5 koloko. Pali njira yozungulira ya makilomita pafupifupi 9 yodutsa pa mathithi a Baker ndi pa World's End, pomwe phiri limadukira mwadzidzidzi, chiphedi cha mamita oposa 800. Ine ndinachedwa kunyamuka, ndinafika nkhungu itaphimba kale, ndipo zinandiwawa mumtima kuyenda mtunda wonsewo osaona kanthu. Ikamakwana 9 kapena 10 koloko mwayi umakhala utachepa. Pageti amasecha zikwama ndi kuchotsa mapepala a pulasitiki, ndiye kamba wanu mukulunge m'pepala wamba. Valani nsapato zogwira pansi, miyala yake ndi yoterera.

Ngati miyendo ikana, pitani ku munda wa maluwa wa Hakgala, umene unayamba mu 1861 ngati malo obzalapo mitengo ya cinchona yopangira mankhwala a malungo. M'njira yomweyo muli kachisi wa Ahindu wa Seetha Amman. Mukavule nsapato polowa ndipo muvale zophimba mapewa ndi mawondo.

Simunatchule mwezi wa ulendo wanu. Ngati ndi April, sungitsani malo ogona panopa. Pa 13 ndi 14 amakondwerera chaka chatsopano cha anthu a mitundu ya Asinhala ndi Atamil, anthu a ku Colombo amakhamukira kumtunda kuthawa kutentha, kumakhala mijaha ya akavalo, ndipo mitengo ya zipinda imakwera kwambiri. Mundiuze mwezi wake ndikuthandizeni kusanja masiku awiriwo.