Tifunseni: Mwana wanga wapeza chipinda ku Manningham, ndi malo otani?

FUNSO: Achimwene, mwana wanga wamkazi wapeza ntchito yosamalira okalamba ku Bradford ku UK ndiye akuti wapeza chipinda cha renti ku Manningham. Anzanga akutchalitchi akundiopseza kuti uko nkwa amwenye okhaokha komanso kumachitika zipolowe. Tulo sindikuona ayi. Kodi ndi malo otani amenewa?
Mayi wodandaula, Chilomoni

YANKHO: Mayi, khazikani mtima pansi kaye. Anzanuwo sananame zonse koma akuuzani kachidutswa chabe.

Manningham ndi dera la mumzinda wa Bradford lomwe linakula chifukwa cha nsalu. Mwana wanu akangotuluka panja aziona chumuni yayitali mamita oposa 70, imeneyo ndi ya Lister's Mill, fakitale yomwe Samuel Cunliffe Lister anamanga mu 1873 yoyamba itapsa ndi moto. Ganizirani David Whitehead ya ku Blantyre ija koma kuikulitsa kangapo, moti pa nthawi yake inkalemba anthu pafupifupi 11,000 opanga silika ndi veleveti. Ndipo anthu ake sanali ogona, mu Disembala 1890 bwana atadula malipiro poti America inali itakweza msonkho pa nsalu zolowa m'dziko mwawo, anachita sitalaka mpaka Epulo 1891. Anagonja inde, njala inawabweza, koma mkwiyo umenewo ndi womwe unathandiza kubala chipani cha Independent Labour Party ku Bradford komweko mu 1893.

Nkhani ya amwenyeyo ili chonchi. Mafakitale ankafuna manja, ndiye aliyense wosaka ntchito ankathera ku Bradford, a ku Ireland othawa njala ya m'ma 1840, Ayuda a ku Germany ogulitsa nsalu omwe anamanga nyumba zikuluzikulu zamiyala, kenako a ku Poland ndi Ukraine nkhondo yachiwiri itatha. M'ma 1950 ndi 1960 kunafika a ku Pakistan, ambiri ochokera ku Mirpur, ndipo iwowa ndi amene ankagwira shifiti yausiku yomwe eni dziko ankaikana. Mafakitale atayamba kutseka ntchito zinatha koma anthu anatsala, apite kuti ana abadwira pompo? Lero ambiri ku Manningham ndi zidzukulu zawo, Asilamu, ndiye mizikiti ndi yambiri, mabutchala a halal, mashopu a nsalu pa White Abbey Road, komanso kwabwera ena a ku Slovakia ndi a muno mu Africa. Fakitale ya Lister's Mill ija inasiya kugwira ntchito m'ma 1990, pano mbali ina anaikonza kukhala mafulati.

Zipolowe zinachitikadi, mu 1995 komanso zazikulu mu Julayi 2001 pomwe anyamata analimbana ndi apolisi usiku wonse, magalimoto ndi mabizinesi kupsa, ndipo ambiri anakaseweza jele. Koma Mayi, 2001 mwana wanu mwina anali asanayambe nkomwe sukulu eti? Anzanuwo akuuzeninso iyi: sunagoge wa Ayuda pa Bowland Street, wa m'ma 1880, denga litayamba kudontha Ayuda atatsala ochepa kwambiri, Asilamu oyandikana nawo ndi amene anathandiza kusonkha ndalama mu 2013 kuti asatsekedwe. Ine nkhani imeneyi imandiuza zambiri za derali kuposa mphekesera zapatchalitchi.

Sindikunamizani kuti nkumwamba, ndi dera losauka poyerekeza ndi madera ena a ku England, ulova ulipo, zinyalala m'tinjira takuseri, achinyamata othamangitsa magalimoto usiku. Nchifukwa chake renti yake ndi yotsikirapo. Akaweruka mochedwa asamadutse tinjira tachidule yekha, basi. Akapuma azikapitidwa mphepo ku Lister Park, kuli Cartwright Hall, nyumba yoonetseramo zithunzi ndi zojambulajambula, ndi dimba la akasupe a madzi lomangidwa mwa chi Mughal, potengera mafumu akale a ku India, ndipo ngati amakonda mpira bwalo la Bradford City, Valley Parade, lili pafupi.

Chomwe ine chikundidetsa nkhawa si aneba koma nyumbayo. Zambiri ndi zakalekale zogundizana makoma, zina zimachita chinyontho mpaka nkhungu kumera kuseri kwa wadiropu. Muuzeni asanapereke dipoziti akaone yekha chipindacho, ayang'ane m'makona ndi m'mawindo, afunse ngati bilu ya gasi ndi magetsi ili mu renti momwemo, ndipo zonse alemberane papepala ndi landilodi.