Mwana wanga akufuna kukakhala mmishonale kunja, ayambire pati?

Mayi wina wa ku Namwera wafunsa kuti: "Mnyamata wanga wakhoza MSCE ndipo akuti Mulungu akumuitana kukatumikira kunja. Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kuidalira? Apindula chiyani?"

Mayi, mmishonale sadzituma yekha, amatumidwa ndi mpingo. Musanakambe za dziko lomwe akufuna, mufunseni kuti adzamutuma ndani, adzamudyetsa ndani, nanga akadwala adzamubweza kumudzi ndani. Ngati abusa kapena abambo mfumu a pampingo pake sanamvepo nkhaniyi, ayambire pomwepo.

Cholinga cha utumikiwu ndi kulalikira komwe mpingo kulibe kapena ndi wofooka, kenako kuphunzitsa eni dera mpaka auyendetse okha. Chitsanzo chili m'boma lathu lomwe lino la Mangochi. Amishonale a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, malungo adawapha ena, ndipo atasamukira ku Bandawe mu 1881 ntchito ya ku Cape Maclear idatsala m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa kumeneko. Amalawi nawo adatumidwa kale kunja: Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican, adakagwira ntchito ku Msoro m'dziko la Zambia mpaka adamwalira mu 1913, ndipo David Kaunda, bambo a Kenneth Kaunda, adatumidwa ndi Livingstonia kudera la Chinsali.

Ngati ndi Mkatolika, alembere mkulu woona za maitanidwe m'chipani cha amishonale, monga Missionaries of Africa, Comboni kapena Montfort. Ulendowu ndi wautali: maphunziro a filosofi, unovisi (nthawi yophunzira moyo wa m'chipanicho) wosachepera miyezi 12, nthawi yoyeserera utumiki yomwe kawirikawiri imachitikira kunja, kenako maphunziro a zaumulungu. Zonse pamodzi zimayandikira zaka 10, ndipo adzalonjeza kusakwatira. Zimenezi banja lizimve bwino kuyambira lero, makamaka ngati mumamudalira kuti ndiye adzaphunzitse azing'ono ake.

Ku CCAP ndi ku Anglican munthu amadutsira kumpingo kwake mpaka ku sinodi kapena ku dayosizi, ndipo iwo ndi amene amamutumiza kusukulu ya ubusa ku Zomba kapena ku Nkhoma. Mpingo wanzeru sutumiza kunja munthu yemwe sanatumikirepo kwawo.

Koma kwa mnyamata wongomaliza Fomu 4, njira imene ndimaiona yolimba ndi kuyamba waphunzira ntchito: unamwino, uphunzitsi, ulimi kapena zomangamanga. Maiko ambiri savuta kulandira namwino kusiyana ndi mlaliki, ndipo utumiki ukatha amabwerera ali ndi pogwira. Sukulu yake ikhale yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, kapena TEVETA ngati ndi ntchito zamanja. Namwino adzafunikanso kulembetsa ku bungwe la anamwino la dziko lomwe wapitalo, chifukwa chiphaso cha kuno chokha sichikwanira.

Mwana wa ku Namwera ali ndi mwayi umene anzake a ku Lilongwe alibe. Ngati amalankhula Chiyao, kungodutsa pa Chiponde kulowa Mandimba wafika kale kunja, m'chigawo cha Niassa komwe Chiyao ndi Chinyanja zimamveka. Wakulanso pakati pa Asilamu, akudziwa kulowa pamaliro ndi paukwati wa anansi mwaulemu, pomwe alendo ochokera kutali amatha zaka akuphunzira zimenezi. Chomwe chimusowa ndi Chipwitikizi, chifukwa ndicho cha kumaofesi, kusukulu ndi kuchipatala ku Mozambique. Ayambe kuphunzira panopa.

Mapepala ndi pasipoti, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, kalata yomuitana yochokera kumpingo wa komweko, ndi chilolezo chokhalira, chomwe ku Mozambique amati DIRE. Maiko ena amafunanso khadi la katemera wa yellow fever. Ambiri amalakwitsa polowa ngati alendo ocheza n'kuyamba ntchito. Masiku akatha amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Chenjeraninso ndi anthu a pa Facebook ndi WhatsApp amene amalonjeza ulendo wa utumiki koma akufuna ndalama kaye. Atsikana athu ena adakazunzikira ku Oman chifukwa cha malonjezo okoma a ntchito. Amene akumuitana akhale wodziwika ku likulu la mpingo wanu, ndipo pasipoti asapereke kwa wina aliyense kuti amusungire.

Za phindu ndinene mosabisa: kumeneku kulibe ndalama zotumiza kumudzi. Wa m'chipani cha Chikatolika amasamalidwa pa chakudya, pogona ndi mankhwala, basi. Wa mipingo ina amadalira kandalama ka mwezi kochokera ku zopereka, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, thandizo lotumizidwa kunja kuchokera kuno lidachepa mphamvu tsiku lomwelo. Chimene amapeza ndi zilankhulo, maphunziro olipiridwa ndi mpingo, luso lomwe lingadzamupatse ntchito yomasulira kapena yophunzitsa, ndi chimwemwe choona anthu amene adawaphunzitsa akutsogolera mpingo wawo.

Asananyamuke, mpingo womutuma ulembe papepala kuti azilandira zingati ndi ndalama ya dziko liti, chipatala alipira ndani, tchuthi chobwera kumudzi ndi liti, komanso ngati zaka za kunjazo zidzawerengedwe pa penshoni yake.