Atsikana anu kusoka akudziwa, nanga mtengo ndani awaphunzitse?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa zosoka ku Ntcheu. Akuti atsikana awo amasoka bwino, koma akamaliza maphunziro sipapita nthawi makina agulitsidwa kapena akungodya fumbi kuchipinda. Funso lawo ndi lakuti: "Ndingawaphunzitse bwanji za bizinesi ndi kupanga masitayelo atsopano, poti ineyo ndinangophunzira kusoka basi?"

Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa ine ndinakulira pamiyendo pa telala.

Azakhali anga ankasoka pakhonde la sitolo pa boma la Dedza, pa makina a Singer opalasa ndi miyendo. Ntchito yanga inali kukoleza makala m'simbi, kusita, ndi kutola zidutswa pansi. Kolala ya azakhali inkagona bwinobwino, zipi sinkachita makwinya, ndipo mayi wa thupi lililonse ankatuluka m'diresi yomukhala. Koma kasitomala akafunsa kuti ndi zingati, iwo ankayamba ayang'ana nkhope ya munthuyo kenako n'kunena kuti, "Mungopereka zomwe muli nazo, si ndife amodzi." Ulusi, lainingi, mabatani, makala, lendi ya khonde, zonse zinkachoka pa mfundo imodzi ya pampango, mfundo yomwenso tinkagulira ndiwo. Mu Disembala ankasoka mpaka usiku ndi nyali, mu Januwale ankakongola ndalama ya feteleza. Pansi pa tebulo panali chikwama chodzaza ndi zovala zosaomboledwa, zina eni ake anachita kuiwala kuti anasoketsa. Maso atayamba kuchita chidima anasiya ntchitoyo alibe ngakhale ndalama yogulira magalasi.

Palibe anawabera azakhali. Palibenso anawaphunzitsa kuti nthawi yawo ili ndi mtengo. Ndipo ndikunena mosapsatira kuti kuphunzitsa mwana kusoka osamuphunzitsa kuwerengera ndi kumulakwira. Timamupatsa satifiketi, timajambulitsa, timavina, kenako timamusiya akagwirire anthu ntchito yaulere.

Bungwe la TEVETA, loona za maphunziro a ntchito zamanja, linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo kuphunzitsa achinyamata kudziyambira bizinesi ndi gawo la ntchito yake. Koma m'malo amene ine ndapitamo, phunziro la bizinesi limabwera kumapeto, pabolodi, ana akukopera matanthauzo oti akalembe pamayeso. Mwana amaloweza kuti phindu n'chiyani, koma mufunseni kuti siketi imene wasoka dzulo yamudyera zingati, angokuyang'anani. Phunziro limeneli malo ake ndi patebulo lodulira nsalu, tsiku lomwelo mwana wagwira sizasi koyamba.

Ambiri timathamangira kunena kuti kaunjika ndiye watipha. Zoona, pitani pa Lizulu tsiku la msika muone mmene anthu amaunjikanira belo likamatsegulidwa. Telala sangapikisane ndi malaya a mu belo pa mtengo, ndipo asayese n'komwe. Koma kaunjika alibe yunifolomu ya sukulu ya kwanu, alibe bulauzi ya amayi a Mvano, alibe zovala zofanana za pachinkhoswe, ndipo sangaveke gulu lopita ku Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo. Samayezanso chiuno cha munthu. Ntchito ya telala ili m'mipata imeneyi, ndipo wophunzira ayenera kuiona ndi maso ake.

Nkhani ya nsalu nayo imandiwawa. Thonje timalima ku Balaka, ku Salima ndi ku Chikwawa, fakitale ya nsalu ya Mapeto David Whitehead ilipo ku Blantyre, komabe zitenje zambiri, mazipi ndi ulusi zimachokera kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zinakwera nthawi yomweyo. Matelala amene sankalemba ndalama zogulira zipangizo anapitiriza kutchula mtengo wakale, poopa kukhumudwitsa makasitomala, osadziwa kuti akudya mpamba.

Tsono za masitayelo atsopano. Kutsitsa chithunzi pa Facebook n'kusoka chimodzimodzi ndi luso ndithu, koma si kupanga chinthu chatsopano. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa anaona anyamata a kabaza wanjinga zamoto akunjenjemera m'mawa mwezi wa Juni, poti kuzizira kwa kuno ku Dedza mukukudziwa. Anakhala nawo pasiteji n'kumawafunsa chomwe chimawavuta pa majekete a mu kaunjika. Anamuuza kuti zipi imafa msanga, mphepo imalowa m'mikono, ndipo thumba la foni limakhala pamalo poti ukakhala panjinga foni imagwa. Anasoka jekete imodzi yokha, mkati anaikamo bulangete logula mu kaunjika momwemo, m'mikono anaika lasitiki, thumba analikweza pachifuwa. Anam'patsa mmodzi kuti ayendere. Itabwerako anapeza kuti kolala inkakhula pakhosi munthu akavala chipewa chanjinga, ndiye anaifupikitsa. Atakonza m'pamene anayamba kulandira maoda. Ine ndinangomuthandiza kuwerengera, nzeru zonse zinachokera pasiteji paja.

Ndiye m'kalasi muyambire pati?

Mwana aliyense akhale ndi kope. Chovala chilichonse chimene wasoka alembe nsalu, ulusi, zipi, lainingi, makala kapena magetsi, thiransipoti yokaodera, ndi maola amene wagwira. Maolawo awaikire mtengo, poyerekeza ndi zomwe munthu amalandira paganyu kwanuko, kenako aonjezere phindu. Kamodzi pamwezi muziwatumiza kumsika, kaya pa Kampepuza kaya pa Tsangano, akaone zomwe zikuyenda malonda, mitengo yake, ndi zomwe anthu akufunsa koma osazipeza. Asanamalize maphunziro, aliyense asoke chinthu chimodzi chochokera pa dandaulo la munthu weniweni, achiyesetse, achikonze, achigulitse, ndipo mumupatse malikisi poona kope lija limodzi ndi msoko.

Musadere nkhawa kuti simunaphunzire za bizinesi. Amayi a banki m'khonde amawerengera chiwongoladzanja sabata ndi sabata, itanani mmodzi adzakhale nanu m'kalasi. Muwaphunzitsenso anawo kalendala ya ndalama ya kwathu kuno: anthu amasoketsa akagulitsa mbatata ya kachewere ndi chimanga, mayunifolomu amafunika sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi youma yofunika kuisungira.

Chovuta kwambiri, chimene ngakhale ine ndimalimbana nacho ndi ophunzira anga chaka chilichonse, ndi manyazi. Mtsikana amaopa kutchula mtengo kwa mayi wamkulu wa kutchalitchi kwawo. Muziwayeseza m'kalasi momwemo, wina akhale kasitomala wonenerera, wina telala, mpaka azolowere kunena mwaulemu kuti, "Amayi, theka mupereke lero, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo nsalu ndidula ndikalandira."