Mazenera Otsekedwa ndi Njerwa

FUNSO: Akonzi, nditapita ku England ndinaona nyumba yakale yosanja pamsewu waukulu wa masitolo, ndipo ena mwa mazenera ake anali otsekedwa ndi njerwa. Kodi eni ake amalekeranji kuwatsegula?

YANKHO: Zikomo owerenga athu. Kuyambira mu 1696 mpaka 1851, ku England kunali msonkho wa mazenera, motero eni nyumba ena ankawatseka kuti azilipira ndalama zochepa. Komabe si zenera lililonse lotere lomwe linatsekedwa pothawa msonkho, pakuti amisiri ena ankajambula dala mpata wa zenera pakhoma lopanda chiboo, n'cholinga choti kumaso kwa nyumbayo kuoneke kolingana mbali zonse ziwiri.

Nyumba zambiri zotere zili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, yemwe amaziika m'magulu atatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Mwini wake sangaboole khomalo popanda chilolezo cha khonsolo ya deralo, ndipo kutero ndi mlandu. Ife tikuona kuti lamuloli n'loyenera, chifukwa njerwa zimenezo zimasonyeza mmene msonkho unamanira anthu kuwala ndi mpweya m'nyumba zawo zomwe.